Kuchokera ku Makata Mpaka ku Chilomoni: Ulendo Wotsata Fungo la Chimera

Kumwera kwenikweni kwa Africa, kufupi ndi mzinda wa Cape Town, kuli dera limene alendo amapitako ndi cholinga chimodzi chokha, ndicho kukaona kumene amapangira vinyo. Amanyamuka pa galimoto m'mawa, nkumaima pa munda uliwonse wa mphesa, kuonetsedwa migolo, kulawa pang'ono ndi kufunsa mafunso kwa mwini munda. Vinyo woyamba kumeneko adafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo mu 1971 alimi a ku Stellenbosch adagwirizana zotsegula njira ya alendo yolumikiza minda yawo. Pambuyo pake kudabukanso timafakitale tating'ono ta mowa, monga ka Mitchell's kamene kadayamba ku Knysna mu 1983, kumene munthu amafulula migolo yowerengeka naika dzina lake pa botolo. Amalaŵi ambiri amene adapita kukafuna ntchito ku Cape amawadziwa malo amenewa, pakuti ena amagwira m'minda momwemo ndipo ena amaperekera chakudya m'nyumba zodyeramo alendo.

Blantyre alibe minda ya mphesa, ndipo chifukwa chake nchodziwika. Mphesa za vinyo zimakonda dziko limene mvula imagwa m'nyengo yozizira, dzuwa nkumawala pamene zipatso zikupsa. Kuno mvula imagwa m'nyengo yotentha, kotero kuti mphesa zimagwidwa chuku zisanatsekemere. Komabe munthu amene angapatule tsiku limodzi, nakwera minibasi kuchokera ku Makata kudzera ku Ndirande, Machinjiri, Bangwe ndi Zingwangwa mpaka kukafika ku Chilomoni, angaone luso la kufulula losachepa poyerekeza ndi la ku Cape. Mitundu yonse ya mowa imene itchulidwe pano imapezeka m'dera lililonse mwa madera amenewa; kungoti nkhani imamveka bwino ikamayenda ndi msewu. Chimene mlendo woteroyo angaphunzire nchakuti luso la m'fakitale ndi la kuseri kwa nyumba ndi limodzi, ndipo chimene chimasiyanitsa chakumwa chabwino ndi chakupha ndi zinthu ziwiri: muyeso, ndi kudziwika kwa mwini wake.

Ku Makata

Ulendo uyenera kuyambira ku Makata, dera la mafakitale limene lili m'munsi mwa Ndirande. Kumeneko kuli fakitale ya mowa imene idatsegulidwa mu Disembala 1968, ndipo idali yoyamba imene kampani ya Carlsberg idamanga kunja kwa dziko la Denmark. Kampaniyo adaiyambitsa ndi J.C. Jacobsen ku Copenhagen mu 1847. Mu 2016 gawo lalikulu la fakitale ya ku Makata lidagulidwa ndi Castel, kampani ya ku France imene idayamba mu 1949 ndi malonda a vinyo ku Bordeaux. Kwa zaka zambiri fakitaleyi inkalandira alendo Lachitatu masana, ndipo fungo limene linkawalonjera pakhomo ndi lomwe lija limamveka kumudzi pamene amayi akuphika phala la mowa.

Kufanana kumeneku kuli ndi chifukwa. Njere iliyonse ya chimanga, mawere, mapira kapena balere imasunga ufa umene ndi kamba wa mbewuyo ikamamera. Ufa umenewo sungasanduke mowa pawokha. Koma njere ikanyowa nkuyamba kumera, imatulutsa tinthu tina tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amati ma enzyme, timene timaphwanya ufawo kuti usanduke shuga. Wofulula amaimitsa kumerako poyanika njerezo, ndipo chimene wapeza ndicho chimera. Chimera chikasakanizidwa ndi phala lofunda, phalalo limasungunuka nkuyamba kutsekemera. Apo ndipo pamabwera wantchito wachiwiri, yisiti, imene ndi tamoyo tating'ono kwambiri todya shuga. Ikamadya imatulutsa mpweya, umene ndi thovu lija limaoneka pamwamba pa mbiya, ndiponso imatulutsa ethanol, chinthu chimene chimaledzeretsa. Louis Pasteur wa ku France ndiye adatsimikiza m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 kuti kuwira kwa mowa ndi ntchito ya tamoyo timeneti. Vinyo amasiyana ndi mowa pa chinthu chimodzi: chipatso chili kale ndi shuga, ndiye sichifuna chimera.

Chimene fakitale idawonjezera pa nzeru yakaleyi ndi kuyesa. Mu 1883 Emil Christian Hansen, katswiri wa ku Carlsberg, adapeza njira yopatula mtundu umodzi wa yisiti ndi kuusunga wosasakanikirana ndi ina, kuti mowa wa lero ufanane ndi wa dzulo. Mu 1909 katswiri wina wa pamalo pomwepo, Søren Sørensen, adakonza muyeso wa kuwawasa kwa zinthu wotchedwa pH, umene lero umagwira ntchito m'zipatala ndi m'minda momwe. Nchifukwa chake m'fakitale kutentha kwa phala kumayesedwa, masiku owira amawerengedwa, mowa umasefedwa mpaka kuyera, ndipo umatenthetsedwa pang'ono kuti tamoyo tonse tife. Botolo lotero limatha miyezi osawonongeka, ndipo ukali wake, umene ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse, umalembedwa poyera.

Ku Ndirande

Kuchoka ku Makata kukwera ku Ndirande ndi mtunda waufupi. Dera limeneli lidakula m'nthawi ya atsamunda monga malo okhala anthu akuda ogwira ntchito m'tauni ya Blantyre. Ntchito zolembedwa zidali za amuna, ndipo amayi ambiri amene adabwera kuchokera kumidzi adapeza kuti luso limene akadagulitsa ndi lomwe adaphunzira kwa agogo awo. Kuyambira pamenepo kufikira lero, mowa wamasese walipira lendi, wagula yunifomu, ndipo waphunzitsa ana amene pambuyo pake adakhala aphunzitsi ndi anamwino.

Ntchitoyi siifuna munthu wopupuluma. Mayi amaviika chimanga kapena mawere kwa tsiku limodzi kapena awiri, nazifunditsa m'thumba kapena pansi pa masamba kuti zimere. Timizu tikatuluka amayanika padzuwa, kenaka nkukagayitsa. Tsiku lophika amaphika phala la mgaiwa m'mgolo, naliphula kuti lipole. Apa ndi pamene pamaonekera katswiri. Akathira chimera phala lidakali lotentha kwambiri, mphamvu ya chimera imafa ndipo phala silitsekemera. Akachedwa, ntchitoyo imayenda mwaulesi ndipo mowa umatuluka wopanda mphamvu. M'fakitale amadziwa kuti chimera chimagwira bwino ntchito pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70. Mayi wa ku Ndirande alibe chida choyesera, koma dzanja lake lidaphunzira muyesowo pa zaka zambiri.

Akalekera pamenepa, chimene wapanga ndi thobwa, chakumwa cha banja lonse, chimene amamwa ana ndi akulu ampingo omwe. Akafuna mowa amalisiya kuti lisase, naliphikanso, nawonjezera chimera china, nkulisiya liwire. Mbiya yakale imene yakhala ikufululidwira mowa imasunga yisiti m'timing'alu take, ndipo ndicho chifukwa chake amayi saitaya wamba. Kuwawasa kwa masese kumachokera ku tamoyo ta mtundu wina, tofanana ndi timene timapanga chambiko, ndipo kumathandiza kuletsa tizilombo toyambitsa matenda. Pakatha masiku angapo mowa umakunthidwa, ndipo uyenera kumwedwa msanga popeza umapitirira kuwira mpaka kusasa.

Mowa umenewu udali ndi malamulo ake kalekale boma lisanalembe ake. Unkafululidwa pa dima, pamene anthu ankathandizana kulima. Unkafululidwa pa maliro, pa chinamwali ndi pothira nsembe. Ndipo pamene chipanda choyamba chatungidwa, mwini mowa ndiye ankayamba kumwa pamaso pa onse. Mwambo umenewu udali chitsimikizo chakuti wofulula akuikira kumbuyo ntchito ya manja ake ndi moyo wake womwe.

Komatu kulawa sikuulula zonse. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 adamwalira atamwa mowa wamasese pa maliro, ndipo mwa iwo mudali mayi amene adaufulula. Poyamba anthu adaganizira ndulu ya ng'ona. Koma akatswiri atayesa adapeza kuti ufa umene udagwiritsidwa ntchito udali woola, ndipo mudamera tizilombo totulutsa poizoni amene samva kuphika. M'Malaŵi muno namonso akatswiri a zaulimi adapezapo poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, m'chimera ndi m'mowa wamasese. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Chizolowezi chonena kuti chimanga choola nchosayenera nsima koma nchoyenera mowa nchoopsa. Chimene sichingalowe mumphika wa nsima chisalowenso m'mbiya.

Ku Machinjiri

Kuseri kwa phiri la Ndirande kuli Machinjiri, ndipo kumeneko mlendo angaime pa tavani kuti aone paketi ya Chibuku. Mowa umenewu ndi masese omwe aja, koma ofululidwa m'fakitale. Adauyambitsa ndi Max Heinrich ku Kitwe, m'dziko la Zambia, m'zaka za m'ma 1950, pofuna kugulitsa kwa anthu ogwira ntchito m'migodi ya mkuwa. Anthu amasimba kuti mkuluyu ankalemba m'buku zonse zimene ankayesa pamodzi ndi ndemanga za omwa, ndipo dzina lakuti Chibuku lidachokera pamenepo. Kuchokera ku Zambia mowawu udafalikira ku Zimbabwe, Malaŵi, Botswana ndi maiko ena.

Wogula amayamba wagwedeza paketiyo chifukwa masese amadikha pansi. Pamwamba pake pamakhala kabowo kotulukira mpweya, pakuti mowawo ndi wamoyo, ukuwirabe. Tsiku loyamba umakhala wotsekemera ndi wosaledzeretsa kwenikweni. Pakapita masiku ukali wake umakwera kufika pa magawo 3 kapena 4 pa 100, kenaka nkusasa. Heinrich sadatulukire mowa wamasese. Amayi a ku Africa adaudziwa zaka mazanamazana iye asanabadwe. Chimene iye adachita nkulemba: ufa wochuluka chonchi, chimera chochuluka chonchi, kutentha kotere, maola akutiakuti. Luso limene lidali m'manja mwa amayi lidalowa m'buku, ndipo phindu lalikulu lidatsata bukulo.

Ku Bangwe

Kuchokera ku Machinjiri msewu umalowera ku Limbe, ndipo kupitirira Limbe kuli Bangwe. Pano nkhani itembenukire ku kachasu. Dzinali lidachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça, dzina la chakumwa chaukali chopangidwa kuchokera ku nzimbe, ndipo izi zikusonyeza njira imene lusoli lidadzera polowa m'dziko muno. Kachasu safululidwa chabe, amatchezedwa. Madeya, shuga ndi madzi zimasiyidwa kuti ziwire kwa masiku angapo. Kenaka zimaikidwa mumphika waukulu kapena m'mgolo wotsekedwa bwino, moto nkusonkhedwa pansi. Nthunzi imatuluka kudzera m'paipi imene imadutsa m'madzi ozizira, ndipo ikazizira imadontha m'botolo.

Chinsinsi chake chagona pa kusiyana kwa kawiridwe. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene ethanol amawira pa madigiri 78. Moto ukakhala wodekha, ethanol ndiye amayamba kutuluka, madzi ambiri nkutsalira mumphika. Nchifukwa chake botolo loyamba, limene anthu amati mutu, limakhala laukali kwambiri, ndipo otsatira amanka nachepa mphamvu. Njira imeneyi ndi yomwe amatsata opanga Malawi Gin ndi zakumwa zina zaukali pa dziko lonse. Koma m'fakitale madontho oyambirira amapatulidwa chifukwa amanyamula zinthu zina zopweteka mutu ndi thupi, ndipo chotsalacho chimasakanizidwa ndi madzi mpaka kufika pa muyeso wodziwika, pafupifupi magawo 40 pa 100. Pa kachasu palibe chiwerengero cholembedwa. Velemoti imodzi ingakhale yofooka, inzake nkukhala yaukali kuposa jini. Munthu amene wazolowera kumwa ziwiri pa malo ena angagwe ndi imodzi pa malo ena.

Boma la atsamunda lidaletsa kutcheza kachasu, ndipo lamulo la mowa la 1979 limafuna kuti wopanga ndi wogulitsa mowa akhale ndi chilolezo. Koma kachasu sadathe, chifukwa chimene chimamutcheza ndi umphawi. Kuletsa kudangomukankhira kuseri, kumene kulibe wobwera kudzaona ngati mgolo udasungapo mankhwala, ngati paipi ndi yadzimbiri, kapena ngati ogula ndi ana asukulu.

Ku Zingwangwa

Pobwerera kuchokera ku Limbe kulowera kumadzulo, m'munsi mwa phiri la Soche, mlendo amafika ku Zingwangwa, kumene mabotolo sitolo ndi timagolosale tandanda m'mbali mwa msewu monga m'madera ena onse. Pano ndi poyenera kukumbukira masacheti, timapepala ta pulasitiki ta mowa waukali timene tidadzaza m'misika zaka zingapo zapitazo. Tidali totsika mtengo kotero kuti mwana ankatha kugula ndi ndalama ya mandasi nkubisa m'thumba la yunifomu. Boma lidatiletsa mu 2015, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa.

Koma pamene chofuna chilipo, wogulitsa sasowa. Mu 2024 anthu angapo adamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wina waukali wosadziwika kopangidwira, umene omwa okha adaupatsa dzina lakuti "Ambuye n'tengeni". M'maiko ambiri imfa zotere zimabwera ndi methanol, mbale wake wa ethanol amene amagwira ntchito m'mafakitale. Amaoneka chimodzimodzi, amanunkhira chimodzimodzi, ndipo ndi wotsika mtengo, kotero kuti anthu osaopa amathira mu mowa pofuna kuchulukitsa phindu. Thupi limamusandutsa asidi amene amawononga mitsempha ya maso. Masipuni ochepa okha akhoza kuchititsa khungu, ndipo kungopitirira pamenepo ndi imfa. Choopsa nchakuti zizindikiro zimachedwa, nthawi zina mpaka tsiku lathunthu. Munthu amene wadzuka akusanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mofulumira ndiponso akuona ngati chifunga, asanenedwe kuti ndi matsire. Athamangitsidwe ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo achibale anene zoona za chimene wamwa.

Mowa wotere ndi wosiyana ndi masese a mayi wa ku Ndirande, ngakhale ndi kachasu wa mayi amene anansi ake amamudziwa. Ulibe mwini woyamba kulawa, ulibe dzina pa botolo, ndipo sudadutse ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loyesa zinthu limene lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili mu Blantyre momwemo. Akale adati safunsa adadya phula.

Ku Chilomoni

Ulendo umathera ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Poyang'ana kum'mawa mlendo amaona phiri la Ndirande, limene mitengo yake idatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo nkhalango ya Michiru nayo yakhala ikudulidwa kwambiri. Ofulula si okhawo amene amafuna nkhuni, koma mgolo wa phala ndi mphika wa kachasu zimadya nkhuni zambiri, ndipo mtengo wake ukakwera phindu la mayi limachepa.

Ku Cape nakonso sikuti zonse zidali zokoma. Kwa zaka zambiri eni minda ankalipira antchito awo gawo la malipiro ndi vinyo. Mchitidwewu udaletsedwa mu 1960 koma udapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo zipsera zake zilipobe: dera limeneli lili m'gulu la madera a pa dziko lapansi amene ali ndi ana ambiri obadwa ndi ubongo wowonongeka chifukwa amayi awo ankamwa ali ndi pakati. Mowa ngakhale woyesedwa bwino umakhalabe mowa. Mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka 18 sayenera kuulawa, ndipo ngakhale pa njira ya vinyo ya ku Stellenbosch alendo anzeru amasankha mmodzi wosamwa kuti ayendetse galimoto.

Chimene alimi a ku Cape adachita bwino nkutsegula zitseko. Mlendo amaona mphesa, amaona migolo, amaona nkhope ya wopanga, ndipo wopangayo amadziwa kuti dzina lake lili pa botolo. M'Malaŵi muno chitsanzo chilipo kale ku Lilongwe, kumene kampani ya Linga imapanga vinyo kuchokera ku zipatso za m'dziko muno monga jambula, gwafa ndi chidede, nkumuika m'botolo lolembedwa dzina ndi ukali wake. Amayi ofulula a m'madera a Blantyre ali nalo luso. Chimene ambiri alibe ndi chilolezo chosavuta kupeza, migolo yaukhondo, chida choyesera ukali, malo oyanikira chimera posafika chinyezi, ndi mlangizi wobwera kudzaphunzitsa m'malo mongobwera kudzaphwanya mbiya. Zimenezi ndi zinthu zimene khonsolo ya mzinda, alangizi a zaumoyo ndi magulu a amayi eni ake angathe kuzikambirana.

Pamene zimenezo zisanachitike, wogula ali ndi mafunso atatu amene angafunse asanakweze chipanda kapena botolo: wapanga mowawu ndani, waupanga ndi chiyani, ndipo mwini wakeyo angayambe kumwa? Ku Makata mayankho ake adalembedwa pa botolo. Ku Ndirande mayi wodziwa ntchito yake amayankha potunga chipanda choyamba nkumwa pamaso pa alendo. Pamene mafunso atatuwa akusowa woyankha, munthu wanzeru amabweza ndalama yake m'thumba nakakwera minibasi kukadali kowala.